Mai Mary Breckinridge ndi Anamwino Oyenda pa Akavalo

Ambiri a ife tikamva dzina la America tiganiza za midzi yaikuru, nyumba zazitali ndi anthu acuma okha okha. Koma ku dziko lomwelo kuli mapiri ochedwa Appalachia, ndipo m'cigawo ca Kentucky, pakati pa mapiriwo, munali anthu aumphawi ndithu m'zaka za 1920. Anali azungu, olima cimanga m'matsitso a mapiri, okhala m'nyumba za mitengo motalikirana, nyumba iyi m'cigwa ici, ina m'cigwa cina. Miseu ya galimoto kunalibe. Njira yao inali kutsata m'mbali mwa mitsinje, pena kuyenda m'madzi momwe. Munthu akadwala kumeneko analibe kothawira. Mbiri ya mwezi uno ndi ya mkazi amene anakhala pakati pa anthu amenewa zaka 40, nayesa kuyankha funso lobvuta mitundu yonse: kodi dotolo mmodzi, kapena namwino mmodzi, akhoza kusenza anthu angati ndi kuyenda mtunda wotani, nchito yace isanayambe kuonongeka?

Mary Breckinridge anabadwa pa 17 February 1881 ku Memphis, m'cigawo ca Tennessee. Banja lao linali lomveka. Agogo ace anali waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko lonse la America, ndipo atate wace anatumidwa ku Russia m'caka ca 1894 kukaimira dziko lao pamaso pa mfumu ya kumeneko. Mwana wa nyumba yotere sanayembekezeke kugwira nchito ndi manja ace. Koma ali ku Russia, akali mtsikana, anaona cinthu cimene anacisunga mumtima: pobadwa mlongo wace wamng'ono, amene anacita nchito yonse ndi mzamba wophunzitsidwa bwino, ndipo dotolo anangokhala pafupi kudikira ngati kungaoneke cobvuta.

Anakwatiwa m'caka ca 1904, koma mwamuna wace anamwalira zitangopita zaka ziwiri. Ali wamasiye analowa sukulu ya anamwino pa cipatala ca St. Luke's ku New York, natsiriza m'caka ca 1910. Anakwatiwanso mu 1912, nabala ana awiri. Wamkazi anabadwa mu 1916 masiku ace asanakwane, nakhala ndi moyo maora 6 okha. Wamwamuna, amene anali cimwemwe conse ca mai wace, anamwalira mu January 1918 ali wa zaka 4. Ukwati womwe unatha mu 1920, ndipo iye anabwerera ku dzina la atate wace. Amai amene munaika ana anu m'manda mudziwa kulemera kwa zimenezi koposa m'mene ife tingalembere. Kuyambira pamenepo Mai Breckinridge anatembenuzira mtima wace kwa ana a anthu ena.

Nkhondo yaikuru yoyamba itatha anapita ku France m'caka ca 1919, kukathandiza midzi imene inapasuka. Anapeza ana oonda ndi njala, napempha abwenzi ace a kwao kuti atumize ndalama zogulira mbuzi za mkaka. Kumeneko anazindikira kanthu kena. Azamba a ku France anadziwa kuciritsa amai, koma sanaphunzire unamwino. Anamwino a ku America anadziwa kusamala odwala, koma sanaphunzire uzamba. Akazi a ku Britain okha ndiwo anaphunzira zonse ziwiri, kotero kuti munthu mmodzi anakwanira pamene pakadafunika awiri. Ku dziko kumene anchito ali osowa, cimeneci si cinthu cacing'ono.

Atabwerera kwao anasankha mapiri a Kentucky, dziko la makolo ace. Koma sanathamangire kumanga cipatala. M'caka ca 1923 anakwera kavalo nayenda mailosi 650 m'madera a Leslie, Knott ndi Owsley, kugona m'nyumba za anthu ndi kudya cimene eni nyumba anadya. Anaceza ndi azamba a m'midzi 53. Ambiri anali nkhalamba za zaka ngati 60, ndipo panalibe mmodzi amene anaphunzira pa cipatala. Ankaitanidwa nthawi yakwana kale. Za kuyesa mai m'miyezi ya pakati pace sanazidziwe. Mai Breckinridge anawaweruza kolimba m'zolemba zace. Ife tinena kuti nkhalamba zimenezo siziyenera kupeputsidwa, pakuti zinkadzuka usiku ndi kuoloka mitsinje pamene panalibe wina womva kuitana. Koma cifundo cokha sicileketsa mwazi, ndipo ici anaciona bwino.

Cotero, ali wa zaka 42, anapita ku London nakhalanso wophunzira, pa cipatala ca amai ndi makanda ca ku Woolwich, nalandira kalata ya uzamba mu 1924. Caka comweco anakwera kumka ku Scotland, dziko lija la David Livingstone. Kumpoto kwa dzikolo kuli mapiri ndi zisumbu kumene anthu anasauka monga a ku Kentucky, ndipo boma linakhazikitsa kumeneko, m'caka ca 1913, nchito yochedwa Highlands and Islands Medical Service. Iye anayenda m'zisumbuzo napenya makhalidwe ace: namwino wodziwa uzamba akhala pakati pa anthu ace m'kanyumba kace, akuru a m'mudzi ayang'anira zosowa zace, ndipo dotolo aitanidwa pa nthenda zopambana nzeru za namwino. Mmodzi wa atsogoleri a nchitoyo, Sir Leslie MacKenzie, anamlangiza kuti asayambe kanthu asanawerenge obadwa ndi akufa a m'dziko limene afuna kulithandiza, pakuti wosadziwa poyambira sadzadziwa ngati wapita m'tsogolo.

Pa 28 May 1925, mu mzinda wa Frankfort, anasonkhanitsa abwenzi nayambitsa bungwe limene mu 1928 linachedwa Frontier Nursing Service. Nchito yoyamba inali yowerenga ija. Mkazi wa ku Scotland, Bertram Ireland, pamodzi ndi omthandiza, anayenda khomo ndi khomo m'dera la Leslie, m'mene munali anthu ngati 10,000, kulemba ana obadwa ndi anthu omwalira. Mu September caka comweco anatsegula kanyumba koyamba ka mankhwala pa mudzi wa Hyden, ndi anamwino awiri okha, Edna Rockstroh ndi Freda Caffin, onse ophunzira uzamba ku England. Iye mwini anamanga nyumba ya mitengo pamwamba pa mtsinje, mailosi owerengeka kucokera pa Hyden, naicha Wendover, ndiyo inakhala mudzi wace kufikira imfa.

Tsono tifika pa nzeru yace yeni yeni, ndipo tipempha owerenga kuti aganize nafe pang'ono. Wina akadakhala ndi ndalama zimene iye anapempha, akadamanga cipatala cimodzi cacikuru, nauza anthu onse kuti adze kumeneko. Koma mkazi amene nthawi yace yakwana pakati pa usiku, mtsinje utadzala, sangayende mailosi 20. Ndiponso namwino akacoka pa cipatalaco kumtsata, tsiku lonse lithera m'njira. Maora a namwino ali owerengeka monga a munthu ali yense, ndipo ora liri lonse limene akhala pa msana wa kavalo labedwa kwa wodwala. Cifukwa cace Mai Breckinridge anayamba ndi mtunda. Anaika malire akuti namwino asakhale kutali ndi nyumba iri yonse ya anthu ace kopitirira mailosi ngati 5, ndiwo ulendo wa ora limodzi ndi kanthu m'njira za miyala.

Wina angafunse kuti, nanga kuonjeza malirewo kufikira mailosi 10 kukadaononga ciani? Anthu a masamu atiuza kuti mukaonjeza mtunda kawiri ku mbali zonse, dziko limene namwino aliyang'anira silikula kawiri, koma kanai. Anthu acuruka kanai, amai oyembekezera kanai, ndi ulendo wa kwa ali yense wa kumalire utalika kawiri. Koma namwino akali mmodzi yemweyo, ndi tsiku lace silitalika. Pamenepo ayamba kusankha woti amuone ndi woti amsiye, ndipo wosiyidwa ndiye wa kutali, amene analinso wosowa koposa.

Potero pakati pa 1926 ndi 1930 anamanga nyumba za anamwino 6 m'zigwa zosiyana: Beech Fork, Confluence, Red Bird, Flat Creek, Brutus ndi Bowlingtown, yonse yotalikirana mailosi ngati 10 ndi inzace. Nyumba iri yonse inali ndi cipinda coonera odwala, mogona anamwino, ndi khola la akavalo. Eni dziko anathandiza ndi mitengo, miyala ndi manja ao, ndipo pa malo ali onse panali akuru osankhidwa oyang'anira. Pamodzi ndi Hyden ndi Wendover, nchitoyo inafikira dziko lalikuru ngati mailosi 26 m'litali ndi 27 m'mimba mwace.

Kawiri kawiri anaika anamwino awiri m'nyumba imodzi, ndipo cifukwa cace cidziwika tikaona nchito yao. Mwamuna akagogoda usiku kuti mkazi wace wayamba kudwala, namwino ankadzuka, kumanga kavalo ndi kumtsata, kungakhale mvula kapena cisanu coumitsa madzi. Lamulo lao linali lakuti ngati mwamunayo wakhoza kufika kwa namwino, namwino akhozanso kufika kwa mkaziyo. Ndipo akafika sacoka mwana asanabadwe, lingakhale lipite tsiku lathunthu ndi usiku wace. Nanga masiku amenewo adzaona ndani mwana wakupsa ndi moto, kapena munthu wolasidwa ndi mfuti, pakuti zoterezi sizinasowe m'mapirimo? Ndipo namwino wosagona usiku wonse adzayesa bwanji mankhwala m'mawa mwace osaphonya? Mnzace ndiye anagwiriza nchito. Nyumba ya namwino mmodzi itsekedwa tsiku liri lonse limene mwini wace waitanidwa, wadwala kapena watopa.

Nchitoyo inali yambiri kopambana kuciritsa amai. Ankayesa mkazi kawiri kawiri m'miyezi ya pakati pace, ndipo atacira ankamyendera masiku 10 oyamba, ndi kupitiriza kuona khandalo likukula. Anabaya anthu zikwi zambiri katemera wa nthomba, wa nthenda ya typhoid, ndi wa nthenda ya pakhosi yochedwa diphtheria, imene inkapha ana. Anapatsa ana mankhwala a njoka za m'mimba, nalimbika kuti anthu akumbe zimbudzi ndi kusamala zitsime. Namwino ali yense anali ndi matumba acikopa a mitundu iwiri opacika pa kavalo, ena a zipangizo za uzamba, ena a nthenda zina, ndipo anakhala okonzeka usana ndi usiku. Ana a m'mapirimo anafika pokhulupirira kuti makanda adza m'matumba a anamwino.

Nanga dotolo? Madotolo anali osowa ndithu m'dzikomo, ndipo Mai Breckinridge anadziwa kuti sadzapeza mmodzi wa pa cigwa ciri conse. Mu 1928 anatsegula cipatala ca makama 12 pa Hyden, ndipo Sir Leslie MacKenzie anaoloka nyanja kudzacitsegula. Pamenepo panakhala dotolo wa bungwelo. Koma dotolo mmodzi pakati pa anthu 10,000, akati aone cifuwa ciri conse ndi cironda ciri conse, sadzatha mwezi asanagwe, ndipo wodwala koopsa adzafera pa mzere. Cotero madotolo a mu mzinda wa Lexington analemba buku la malangizo, lonena cimene namwino aloledwa kucita yekha, mankhwala amene akhoza kupatsa, ndi zizindikiro zimene akaziona ayenera kuitana dotolo msanga kapena kunyamula wodwala pa macira kumka naye ku Hyden. Mphamvu za dotolo zinasungidwira nchito imene wina sakadaikhoza. Ndi cija anaciona ali mtsikana ku Russia.

Panalinso kanthu kena kamene ambiri akadakayesa kacabe. Kavalo afuna kudya, kumwa, kupesedwa ndi kusamalidwa ziboda, ndipo namwino wobwera ku ulendo wa usiku akayamba zimenezi sapuma. Mai Breckinridge anaitana anamwali a m'mabanja acuma a m'mizinda kuti adze kudzatumikira masabata owerengeka wopanda malipiro. Iwo anasamala akavalo, ananyamula makalata ndi mankhwala, naperekeza alendo. Anaikanso alembi osunga mabuku. Sanalole kuti manja amene anaphunzira zaka zambiri athere pa nchito imene wina akhoza kuiphunzira m'sabata limodzi. Oyang'anira zipatala ambiri alira kuti anamwino acepa, osayamba awerenga maora amene anamwino omwe ali nao ataya pa nchito za eni.

Za ndalama, banja liri lonse linapereka dola limodzi pa caka, ndi madola 5 pa kubadwa kwa mwana. Wosowa ndalama ankapereka mazira, cimanga, udzu wa akavalo, kapena kugwira nchito, ndipo panalibe wobwezedwa cifukwa ca umphawi. Koma zopereka izi sizinakwanire ngakhale pang'ono. Zotsala anazifuna iye mwini, kuyenda ku New York, Boston, Chicago ndi mizinda yina, kulankhula pamaso pa acuma caka ndi caka. M'caka ca 1930 kunagwa cilala, ndipo nthawi yomweyo cuma ca dziko lonse la America cinagwa. Zopereka zinacepa, anchito ena anacotsedwa, ndi otsala anagwira nchito miyezi yambiri osalandira malipiro ao onse. Mu 1931 iye anagwa pa kavalo natyoka msana, ndipo ululu wace sunamcoke konse. Koma atacira anakweranso.

Zipatso za kuwerenga kuja zinaoneka mu 1932. Mabuku a amai 1,000 oyamba anatumizidwa kwa Dr. Louis Dublin, katswiri wa ziwerengero wa kampani ya Metropolitan Life ku New York, munthu wosakhala wa bungwelo. Iye anapeza kuti mwa amai onsewo panalibe mmodzi amene anafa cifukwa ca pakati kapena kubala; awiri amene anamwalira anali ndi nthenda zao zakale. Masiku amenewo m'dziko lonse la America munkafa amai 6 kapena 7 mwa 1,000 ali onse. Dr. Dublin anawerenga kuti dziko lonse likadakhala ndi nchito yotere, amai 10,000 akadapulumuka caka ciri conse. Ndipo kumbukirani kuti ana ambiri amenewa anabadwira m'nyumba za mitengo, pa kuunika kwa nyali ndi kwa moto. M'zaka 50 zoyamba anamwinowo anaciritsa amai oposa 17,000, ndipo omwalira anali 11.

Koma nyumbayi inali ndi mzati umodzi wobwereka. Popeza ku America kunalibe sukulu zokwanira za uzamba wotere, anamwino ace ambiri anali a ku Britain, ndi ena anali a ku America amene iye anawatumiza kukaphunzira tsidya la nyanja ndi ndalama zambiri. Akuru anati mlendo ndi mame. Nkhondo yaciwiri itabuka mu September 1939, ambiri a ku Britain anapempha kubwerera kukatumikira kwao, ndipo panalibe wakuwaletsa; njira yotumizira ophunzira ku England inatsekekanso. Nchito ya zaka 14 ikadatha m'miyezi yowerengeka. Mai Breckinridge anali ataganizira kale za sukulu yace yace, ndipo tsopano sanacedwe: mu November caka comweco anatsegula sukulu ya uzamba pa Hyden, ndi ophunzira awiri. M'zaka za nkhondozo otsala anasenza katundu wa anzao, ndi madotolo omwe anasowa pakuti ambiri anatengedwa ku nkhondo. Koma sukuluyo inakula, ndipo ophunzira ace anapita ku maiko ambiri, ena ku zipatala za misyoni. Ndiyo imene pambuyo pace inachedwa Frontier Nursing University.

Sitingabise cirema cace, pakuti mbiri yobisa siithandiza munthu. Mai Breckinridge analeredwa m'banja la kumwera kwa America limene makolo ace anasunga akapolo, ndipo maganizo a tsankho la khungu sanamcoke. Masiku onse a moyo wace sanalembe namwino wakuda pa nchito yace. Munthu amene anadziwa kuwerenga kusowa kwa anchito koposa anzace, nayenda kufikira ku Scotland kukawafuna, anatseka khomo pa akazi a dziko lace lomwe amene akadakhoza kuphunzira ndi kutumikira. Ici cinali coipa, ndipo olemba mbiri yace a masiku ano acinena poyera.

M'zaka za 1940 magalimoto ang'ono ochedwa jeep anayamba kulowa m'malo mwa akavalo, ndipo miseu inafika pang'ono pang'ono m'zigwamo. Mu 1952 anasindikiza buku la moyo wace, Wide Neighborhoods. Sanapume pa nchito; anakhalabe mtsogoleri wa bungwelo, kulemba makalata ndi kuwerenga mabuku a ndalama ali pa kama, kufikira masiku ace otsiriza. Anamwalira pa Wendover pa 16 May 1965, ali wa zaka 84, naikidwa ku Lexington pafupi ndi ana ace awiri. Zitapita zaka 10, mu 1975, anatsegula pa Hyden cipatala catsopano ca makama 40, nacicha dzina lace.